Mayina Amene Amalume Anasuta

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinkadana ndi a Kalaliki koma osatha masiku atatu ndisanaponde pakhomo pawo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili sitandade sikisi, kwathu kwa Wimbe. Dzina lawo lenileni linali a Mbewe, koma popeza pa unyamata wawo anagwirako ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya, dzina la ntchitolo linawamatirira mpaka kumanda. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba, ndipo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Ine sindinkapitira nkhope yawoyo. Ndinkapitira bokosi.

Bokosilo linali lachitsulo, lobiriwira, ndipo munali makope. Anali odzaza mpaka munthu ankachita kukhalira chivundikiro kuti chitsekeke, onse olembedwa pamanja kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, zilembo zake zopendekera mbali imodzi ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Bambo ameneyu analemba moyo wake wonse. Akachoka kumunda ankalemba, akaweruka kutchalitchi ankalemba, ndipo anthu ankanena kuti ukawaona pamaliro milomo ikugwedera usayese akupemphera, akuloweza mawu oti akalembe. Palibe kope ndi limodzi lomwe limene linasindikizidwa. Ankati kalekale anatumizako awiri kutauni, yankho silinabwere, makopewonso osabwerera, ndiye analumbira kuti zolemba zawo sizidzakweranso basi.

Makopewo anali amitundu iwiri. Ena anali ndi mzere wofiira pachikuto, ndipo amenewa anali nkhani zamakedzana: za nkhondo, za anthu othawira m'malinga, za osula makasu, za amalonda a minyanga amene ankadutsa m'dera lathu misewu kulibe. Ena anali ndi mzere wakuda, ndipo amenewa anali a mizukwa. Ine mtima wanga unali pa akudawo. Koma a Kalaliki anali ndi lamulo limene linkandiwawa ngati chilonda cha kuphazi: uwerenge ofiira awiri kuti upate lakuda limodzi. Komanso pobweza kope unkayenera kukhala pansi pakhonde n'kuwafotokozera nkhani yonse. Ukadumpha kanthu, ankakubwezera lomwelo.

Ofiirawo ankandikwana. Munthu ankatha masamba atatu akufotokoza mmene ng'anjo imamangidwira, dothi lake lotapa pachulu, makala ake a mtengo wakutiwakuti, pamene ine ndikudikira kuti mkondo ulase munthu. Tsiku lina ndinayesa kuwerenga koyambirira ndi kumapeto kokha. Anandifunsa dzina la galu wa wosula makasu wa m'nkhaniyo, ndipo ndinabwerera nalo kopelo kunyumba ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Mizukwa yawo inali yosiyana ndi imene tinkaopsezana kusukulu. Sinkayaka moto, sinkatalika kufika kumitambo. Inkabwera dzuwa lili paliwombo, itavala ngati anthu, ikulankhula mwaulemu, ndipo nthawi zonse inkafuna kanthu kena kakang'ono kamene amoyo anaiwala. N'chifukwa chake inkaopsa kwambiri. Ukawerenga nkhani imodzi, mlendo aliyense wokupatsa moni panjira unkayamba wamuyang'ana kumapazi kuti uone ngati akupondadi pansi.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino, ndipo mwezi wa Febuluwale tinkaswera m'chigafa. Abambo ankathyola fodya kumunda n'kumatuta, amayi n'kumasoka masamba ndi singano zazitali zija kuti apachikidwe pamikangala. Ntchito yosoka fodya ndi yotopetsa. Msana umawawa, manja amada bii ndi phula lomata, fungo lake limalowa mpaka m'tsitsi. Tsiku lina amayi anandipeza nditabisa kope pansi pa masamba a fodya ndikuwerenga m'malo mosoka. Ndinayembekezera khofi. M'malo mwake anati, "Ngati manja akowo akana ntchito, pakamwapo pagwire. Werenga mokweza timve tonse."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inasanduka yowerenga. Azimayi oyandikana nafe amene ankabwera kudzathandiza anasiya kuthawa msanga, ndipo mulu wa fodya unkatha osadziwa. Ine ndinayamba kudzimva. Manja anga anali oyera pamene a anzanga anali akuda, ndipo ndinkadziwa poimira kuti anthu andichonderere.

Kope limene nkhani ino yagonapo linali lakuda, ndipo ndinalivutikira ndi ofiira awiri otalika kwabasi. Pondipatsa, a Kalaliki analigwira kanthawi osalisiya. Anati, "Nabanda, ili uliwerenge mokweza mpaka tsamba lomaliza, ndipo usathamange kumapetoko." Ine ndinangoti chabwino, maso ali pakope.

Inali nkhani ya mayi wofunsa njira. Anyamata opalira fodya pa esiteti ina ankakumana ndi mayi wachikulire masanasana, ataima pakati pa mizere, atafunda nsalu yakuda. Ankawapatsa moni bwinobwino n'kufunsa kuti, "Ana anga, kodi njira ya kwathu ndi iti? Panali mtengo wa muwanga apa." Akamulozera kumsewu ankapukusa mutu. Akacheuka, mayi uja palibe, koma fodya wa pamene anaimapo ankafota tsiku lomwelo. Pang'onopang'ono nkhaniyo inkaulula kuti pamalopo panali mudzi, anthu anasamutsidwa pobwera esiteti, mitengo ya kumanda inadulidwa n'kukhala nkhuni zowotchera fodya, ndipo kenako thalakitala inadutsa n'kusalaza zonse. Mayiyo sankafuna kupha munthu. Ankangosowa pamene anagona iye ndi anzake.

Ndinawerenga masiku atatu. Lachisanu tinafika pamene mnyamata wina wolimba mtima anamufunsa mayiyo kuti, "Nanga inu ndinu ndani, ndipo anzanuwo ndi ndani?" Pamenepo m'chigafa munali zii, singano zonse zitaima. Ine ndi matama anga aja ndinatseka kope n'kunena kuti kukhosi kwauma, timaliza mawa. Azimayi anandinena, amayi anandituzulira maso, koma ndinakondwa. Ndinkafuna agone akundiganizira.

Loweruka m'mawa ndinaika kopelo m'jumbo yanga ya kusukulu, pamodzi ndi kope langa latsopano la masamu limene ndinali ndisanalembemo, n'kupachika jumboyo pamphanda ya chigafa. Amayi anandituma kumjigo. Kumeneko kunali mzere wautali, komanso ndinachedwa ndi kufotokozera anzanga za mayi wofunsa njira. Pobwera ndinapeza amalume a Binwelo, achimwene awo aakulu a amayi, atakhala kumapeto kwa chigafa ndi anzawo awiri amene ankawathandiza kututa fodya. Ankapumula, utsi wa chingambwe uli tolotolo, akuseka.

Nditatsegula kope kuti ndiyambe kuwerenga, ndinaona kuti lapepuka kumapeto. Tsamba lomaliza lotsala linkathera pa mawu akuti mayiyo anakhala pansi pakati pa mizere n'kuyamba kutchula mayina a onse ogona pansi pa fodyayo, mmodzimmodzi. Kutsogolo kwake kunali timizu ta mapepala tokhatokha. Masamba anayi anali atang'ambidwa bwinobwino, mosamala, ndi munthu wodziwa kung'amba.

Ndinakuwa. Amalume anatembenuka modabwa, ndudu ili pakamwa, ndipo pa nduduyo ndinaona zilembo zopendekera zija zikupsa.

"Amalume, mwatani? Mwasuta buku la a Kalaliki!"

"Buku liti, mphwanga? Ndatenga kope lakutha. Ndinayang'ana ndithu, ladzaza mpaka kuchikuto, mulibe polemba ndi pamodzi pomwe. Latsopano lija sindinalikhudze, ndikudziwa kuti ndi la sukulu."

Ankanena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Kwathu lamulo linali lodziwika kwa aliyense: kope losalembamo ndi lopatulika, munthu wamkulu salikhudza, koma kope likadzaza latha ntchito, limasomekedwa kudenga kuti osuta azipichirira fodya. Makope anga onse a sitandade faifi anathera m'mapapo mwa amalume, ndipo sindinadandaulepo. Iwo sanapite kusukulu, koma sukulu ankailemekeza. Anatsegula makope onse awiri, anayerekeza, anasankha loyenera monga mwa nzeru zimene tonse tinakulira. Ndinalibe powagwira. Ndinangolira ndi ukali, kulira kopanda womulozera chala.

Ataona kuti nkhani yakula, amalume anatulutsa ndudu imodzi imene anaisomeka kukhutu kuti asute masana. Anaimasula pang'onopang'ono ndi zala zawo zakuda, anakhuthulira fodya m'dzanja, n'kundipatsa kapepalako ngati akupereka chopepesera pamlandu. Kanali kotalika ngati chala. Panali mizere itatu, uliwonse uli ndi nambala ndi dzina: Sankhulani, Dzoole, ndi Chimwaza mwana wa Nachuma. Zina zonse zinali zitapita ndi mphepo.

Chimene ndinachita pambuyo pake sindingachikankhire kwa amalume. Lamulungu masana, anthu akupumula, ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kope langa latsopano lija, n'kuzula masamba anayi apakati. Ndinaganiza motere: a Kalaliki maso awo ndi ofooka, nkhaniyi anailemba kalekale, makope ali nawo osawerengeka, ndipo mzukwa ndi chinthu chopeka. Ngati iwo anapeka, ine ndingalephere bwanji? Ndinapendeketsa zilembo zanga ngati zawo. Ndinalemba mayina atatu a pakapepala kaja, kenako ndinawonjezera anga. Ndinatenga ena kutchalitchi, ena m'kalasi mwathu. Atandithera, ndinaikapo dzina la aphunzitsi athu a masamu, amene anandikwapula sabata imeneyo, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma powagoneka pansi pa fodya. Ndinamaliza nkhaniyo mwa ine ndekha: mayi uja anasanduka kamvulumvulu, esiteti yonse inapsa, bwana wake anachita misala. Kenako ndinasokerera masambawo ndi singano ya fodya ndi ulusi wa thumba. Nditayang'ana ndinaona kuti ndagwira ntchito yabwino, mwinanso kuposa mwini wake.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapita kukabweza. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Analandira kopelo, ndipo asanalitsegule n'komwe analinunkhiza. Kenako chala chawo chinayenda pamsana pa kopelo n'kuima pa mfundo ya ulusi wanga. Anandibwezera n'kunena kuti, "Lero usafotokoze. Werenga masamba omalizawo."

Ndinayamba kuwerenga. Pa Sankhulani anagwedeza mutu. Pa Dzoole anatseka maso. Pa Chimwaza mwana wa Nachuma milomo yawo inatsatira mawu anga. Nditatchula dzina lachinayi, maso anatseguka. Ndinapitiriza, chifukwa ndinalibe kothawira, ndipo anandisiya mpaka ndinafika pa aphunzitsi a masamu.

"Amenewo amwalira liti? Dzulo lomweli ndinali nawo mumsonkhano wa madikoni."

Ndinaulula zonse, za jumbo, za mjigo, za amalume. Ndinkayembekeza kuti akwiyira amalumewo, ndipo ndinakometsera mbali imeneyo momwe ndikanathera. Koma nkhani ya kusutayo anangoimvera ngati munthu akumva kuti mvula yagwetsa khoma. Chimene anafunsa chinali china. "Nanga unasokereranji zakozi?"

Ndinati ndimafuna nkhaniyo ikhale ndi mathero, ndipo poti ndi nkhani yopeka ndimayesa palibe kanthu.

"Mayi uja ndinamupeka ine," anatero. "Nsalu yake ndinapeka, mawu ake ndinapeka, mnyamata uja ndinapeka. Ukanafuna kuwotcha esiteti ukanawotcha, ndikanangokuseka. Koma mayina aja sindinapeke. Ndi anthu. Mudzi umenewo unalipo, tsidya la dambo ili. Mayina anandipatsa ndi mayi wina wokalamba amene anali womaliza kuwadziwa onse, ndipo ndinakhala naye masiku awiri akuwakumbuka mmodzimmodzi. Analipo makumi awiri ndi atatu. Mayiyo anamwalira iwe usanabadwe."

Ndinafunsa ngati iwo sakuwakumbukira. Anati anawalemba n'cholinga choti mutu wawo upumule kusunga, ndipo zaka zapita zambiri. Anawerenga zala, n'kutchula anayi okha.

Pamenepo manyazi anga anasanduka ukali, monga zimachitikira ndi mwana wogwidwa. Ndinayankhula zimene mwana wa kwathu sayankhula kwa munthu wamkulu. Ndinati ngati mayinawo anali ofunika chotero, bwanji sanawalembe pawiri? Bwanji anawabisa m'nkhani ya mzukwa m'malo mowaika m'makope ofiira aja? Nanga bwanji anabwereketsa mwana osamuuza? Mpaka lero ndimaona kuti funso loyambalo linali loona, ndipo sanaliyankhe. Anayankha enawo.

"Ofiira amawerenga ndani? Iwe wemwe umawawerenga ngati ukumwa mankhwala a malungo. Ndinawaika mmene anthu angatchere khutu. Ndipo ndikanalitsekera m'bokosi, akanawatchula ndani? Ndinamva kuti ukuwerengera anthu m'chigafa. Ena mwa azimayi amenewo ndi zidzukulu za anthu omwewo."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa ndodo imatha tsiku lomwelo. Anandiuza kuti ndimasule ulusi wanga pamaso pawo, ndichotse masamba abodzawo, ndisokeremo ena osalemba, ndipo ndilembe manambala kuyambira wani mpaka twente-fili. Tinalembapo atatu a pakapepala ndi anayi awo aja. Otsalawo anati ndikawafune. Bokosi linatsekedwa, ndipo anati sindidzaonanso kope, lofiira kapena lakuda, mpaka nditayenda m'midzi yonse kumene anthu a mudzi uja anabalalikira.

Ndinayesa ndi ntchito ya sabata imodzi. Inanditengera miyezi iwiri, Loweruka lililonse, wapansi, m'matope ndi m'chisoso, mpaka kufupi ndi kwa Lukwa. Vuto silinali mtunda. Vuto linali loti kwathu dzina la munthu wamkulu silitchulidwa. Munthu akakula amaitanidwa ndi mfunda wake, ndipo dzina la paubwana limakwiririka iye akadali moyo. Ndinkafika pakhomo, kugwada, kufotokoza, ndipo wokalamba ankayankha mosangalala kuti inde, agogo awo anaikidwa kumeneko. Ndikafunsa dzina ankati, "Anali a Naphiri." Ndikati a Naphiri ake ati, ankandiyang'ana ngati ndatukwana. "A Naphiri basi. Ine ndikanayamba bwanji kufunsa dzina la agogo anga?" Pofika sabata yachitatu ndinali ndi a Naphiri asanu, a Nabanda anayi ndi a Mwale awiri, ndipo a Kalaliki anakana onsewo. Anati a Naphiri ndi theka la boma la Kasungu, iwo akufuna munthu.

Ena ankandithamangitsa, amvekere mwana wamkazi wofunsa za akufa akufuna kukhwima. Bambo wina anandisunga tsiku lonse akundifotokozera za mitengo ya fodya ya chaka chimene anakwatira, dzina osanditchulira. Mayi wina anakumbukira dzina, ndinalemba, koma ndikutsanzika anati ayi, ameneyo anaikidwa kwina. Ndinabwerera kunyumba ndikukankha miyala ndi mapazi. Ndinkakwiyira a Kalaliki, amalume, akufawo, ndiponso mwambo wonse wobisa mayina ngati ndi mbewu ya chaka chamawa. Yekhayo amene sindinkamuika pa mndandanda wa okwiyiridwawo ndi amene anatseka kope Lachisanu lija kuti anthu amuchonderere. Ndikanamaliza kuwerenga tsiku limenelo, azimayi khumi akanamva mayina onse, ndipo aliyense akanatola lake.

Pa miyezi iwiriyo ndinapeza mayina anayi.

Amalume nthawi yonseyi ankandizemba. Ndikalowa m'chigafa ankatulukira mbali ina. Anasiya kupichira fodya ndi mapepala n'kubwerera ku makoko a chimanga, ngakhale ankadandaula kuti amakanda pakhosi. Tsiku lina madzulo, dzuwa lisanalowe, anandipeza ndikutsuka mbale n'kukhala pamtondo pafupi nane. Anayamba ndi kutsokomola.

"Mphwanga, mudzi ukufunsawo ndi wa tsidya la dambo, pamene panali muwanga waukulu?"

Ndinavomera mosafuna.

"Ine ndinabadwira kumeneko. Amako anabadwa titasamuka kale. Agogo athu, amayi awo a amayi, anatsala komweko." Anapotokola chipewa m'manja. "Aliyense ankati a Naphiri. Koma tsiku lina ndili wamng'ono kunabwera mlongo wawo kuchokera kutali, ndipo ali kumsewu anakuwa dzina lawo la paubwana. Agogo anathamanga ngati kamtsikana. Sindinalitchulepo chiyambire." Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kutsitsa mawu. "Mwatitha."

M'mawa mwake tinapita limodzi kwa a Kalaliki, amalume atavala jekete la kutchalitchi. Nditatchula dzinalo, a Kalaliki anamenya bondo lawo. "Mwatitha! Analipo. Anali woyamba penipeni, pamwamba pa tsamba."

Amalume anafunsa kuti tsamba lake liti. Atauzidwa kuti loyamba mwa anayi aja, anagwira pakamwa. Tsamba limenelo sanagawireko anzawo, analisuta okha. Anati, "Ndiye kuti ine ndasuta agogo anga?" Ndinkafuna kuseka, ndipo a Kalaliki nawonso ndevu zinagwedera, koma titayang'ana amalume tinaona misozi ikutsikira m'jekete.

Mayina anakwana khumi ndi awiri. Khumi ndi limodzi sanapezeke. A Kalaliki anandiuza mmene nkhaniyo inathera ndipo ndinalemba momwe ananenera. Munalibe kamvulumvulu, munalibe moto. Mnyamata uja anangobwereza mayina onse pambuyo pa mayiyo, ndipo mayiyo anathokoza n'kunyamuka, osadzaonekanso. Kenako anandituma kukamaliza ntchito imene ndinaisiya Lachisanu lija. Ndinafunsa kuti nanga pa mizere yopanda mayina ndizitani. Anati, "Uzitchula nambala, n'kukhala chete mpaka utapuma kawiri."

Nthawi imeneyo fodya anali atauma, tili pa ntchito yosankha masamba ndi kumanga timitolo. Azimayi omwe aja analipo, ndipo amalume anakhala kumapeto, chipewa chili pabondo. Ndinawerenga osathamanga. Nditati Mwatitha, amayi anafunsa kuti ameneyo ndiye ndani, ndipo amalume anawayankha kuti ndi agogo ako. Pa Chimwaza mwana wa Nachuma, mayi wina anasiya fodya n'kufunda nsalu kumutu. Kenako ndinafika pa manambala opanda anthu. Kukhala chete kakhumi ndi kamodzi pamaso pa anthu amene ukudziwa kuti ena mwa iwo akudikira dzina la kwawo ndi chilango choposa ndodo iliyonse imene ndinalandirapo. Ndinkamva masamba ouma akuthetheka pamikangala, ndipo palibe anandiyang'ana.

A Kalaliki anamwalira ndili ku sekondale. Bokosi lija ana awo anapita nalo ku Lilongwe, ndipo ndikawafunsa amangoti lilipo, lili pabwino, tidzaona. Ndafunsa kokwanira moti tsopano akandiona pamaliro amasintha njira. Kope limodzi lokha ndi limene lili ndi ine, la mayi wofunsa njira, chifukwa mwini wake anandipatsa yekha. Anati ndinalisoka kawiri, ndiye lasanduka langa.

Lero ndine mphunzitsi. Mwana akabwera n'kundiuza kuti kope lake latha chifukwa ladzaza, ndimamukalipira kuposa mmene nkhaniyo ikuyenerera, ndipo ana amangoti amadamu awa ali ndi zawo. Ndinazindikira mochedwa chifukwa chimene mwini bokosi uja ankatikakamiza ofiira awiri tisanalandire lakuda. Kwa iye inali ntchito imodzi. Zimene ankazidziwa bwino ankaziika m'makope ofiira, ndipo anthu amene dziko linawasalaza ndi thalakitala ankawabweretsa masana atafunda nsalu kuti adzafunse okha. Ankapeka kwambiri kuposa munthu aliyense amene ndinamudziwa, koma ankadziwa pamene kupeka kumathera. Ine ndinkayesa kuti ukangoyamba kupeka, zonse ndi zako.

Ndikapita kumudzi ndimafunsabe, koma okalamba amene anabadwira tsidya la dambo anatha. Amalume anali womaliza, ndipo tinawaika zaka zitatu zapitazo. Nthawi zina ndimatsegula kopelo patebulo, likununkhabe fodya, n'kuyang'ana mizere khumi ndi umodzi ija. Mayina akale ndikuwadziwa ambiri tsopano, omveka bwino, oti wina aliyense angakhulupirire. Ndikhoza kudzaza mizere yonseyo madzi a tiyi asanawire, ndipo padziko pano palibenso wamoyo amene angandigwire bodza. Cholembera ndimachigwira ndithu. Kenako ndimatchula nambala, ndimapuma kawiri, n'kuchibweza m'thumba.